Filimu ya mpila ya 1925 ndi tepi ya m'thilanki ya amalume ku Katete

Tsiku lina madzulo, nditakomboka ku nchito, ndinakwela minibasi pa Kulima Tower kupita ku Chelstone. Inu amene mumayenda mseu wa Great East nthawi imeneyo mudziwa kale: kucokela pa Manda Hill motoka zimayenda ngati zipelekeza malilo. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kutamba filimu. Bambo wina amene tinapanikizana naye pa mpando wa kumbuyo anasuzumila kamodzi, kawili, kenaka analephela kupilila.

"Mwana wanga, foni yako inafa sipika?"

Ndinawayankha kuti iyai, filimuyo ilibe mau, inapangidwa conco. Anafunsa za mitundu, ndinati nayonso mulibe, ni yakuda na yoyela cabe. Anapukusa mutu mondimvela cifundo. Koma pofika pa Munali anali kuseka kuposa ine mwini foni, ndipo kondakita anacita kuwagwedeza phewa kuti alandile chenji.

Filimuyo dzina lake ndi The Freshman. Inatuluka ku America mu 1925, ndipo katswili wake ndi Harold Lloyd, mnyamata wa magalasi ozungulila amene pa nthawiyo anali wochuka pamodzi ndi Charlie Chaplin ndi Buster Keaton. Mpila wa m'filimuyi si uja wathu wa Nkana ndi Power Dynamos ai. Ndi uja wa ku America, wooneka ngati dzila, umene amanyamula m'manja n'kumagundana ngati nkhunzi.

Nkhani yake ndi yosavuta. Mnyamata wina, Harold Lamb, apita ku koleji ya Tate ali ndi cilakolako cimodzi: kuchuka. Kunyumba anaonapo filimu ya ngwazi ya pa koleji, ndiye akopela zonse, ngakhale kavinidwe kena kamene amacita asanapatse munthu dzanja. Anzake amuseka kumbali, iye aganiza kuti amukonda. Apita ku timu ya mpila, kochi amusandutsa cinthu cophunzililapo kugwetsa munthu, ndipo anyamata onse amugwetsa tsiku lathunthu. Pomumvela cisoni, kochiyo amusiya kuti azinyamula madzi, koma iye akhulupilila kuti ndi wosewela wa pa benchi. Pa dansi yaikulu avala suti imene telala anangolumikiza mwamsanga, ndipo iyamba kusomboka manja ndi thalauzi anthu akuona. Mmodzi yekha amene samuseka ndi Peggy, mtsikana amene anakumana naye m'sitima, mwana wa mai wa nyumba imene acita lendi. Pa mpila waukulu anzake onse avulala, kochi asowa cocita, amulowetsa. Zotsala mukaone nokha.

Aliyense amene anafikapo ku sukulu ya boding'i ndi thilanki yatsopano, kapena amene anatsika pa Intercity koyamba atavala jekete yobweleka, aidziwa nkhaniyi. N'cifukwa cake bambo uja anaseka popanda womasulila.

Kunja kuli anthu amene nchito yao, kapena tinene matenda ao, ndi kusonkhanitsa mafilimu akale. Amasaka mipukutu ya filimu, zithunzi zimene zinali kumatidwa pa khomo la sinema, ngakhale timapepala toitanila anthu. The Freshman amaikonda kwambili, ndipo cifukwa coyamba ndi cakuti ilipo. Musaone ngati n'zocepa. Mu 2013 laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inatulutsa lipoti lakuti pa mafilimu aatali opanda mau pafupifupi 11,000 amene anapangidwa kumeneko kuyambila 1912 kufika 1929, 70 pa 100 alionse anatayikilatu. Filimu ya masiku amenewo inali ya nitrate, cinthu cimene cimayaka msanga kwambili ndipo cimaola cokha cikakhalitsa. Mafilimu olankhula atabwela, makampani ambili anaona akalewo ngati zinyalala.

Lloyd anali wosiyana. Mafilimu ake aakulu anali ake, osati a kampani, ndipo anawasunga pa nyumba yake ku Beverly Hills. Naye sanapulumuke kotheratu: mu 1943 moto unabuka mosungilamo n'kutentha ambili mwa mafilimu ake afupiafupi oyambilila. Koma The Freshman inatsala. Mwini wake anamwalila mu 1971. Mu 1990 filimuyo inalembedwa m'kaundula wa mafilimu ofunika kusungidwa wa dziko lao, mu 2014 kampani ya Criterion inaitulutsanso yoyeletsedwa bwino, ndipo kuyambila pa 1 January 2021 ku America ilibenso mwini, aliyense angaitambe kapena kuikopa. Ndimo mmene inafikila pa foni ya mtolankhani wa malipilo anga.

Cifukwa cina cimene osonkhanitsa amaikondela ndi cimene cinandigwila mtima ine. Khamu la anthu limene limaoneka pa mpila womaliza silinali la ocita sewelo. Linajambulidwa m'bwalo la ku Berkeley, California, mu November 1924, pa mpila weniweni wa California ndi Stanford. Munthu ukhoza kuimitsa filimu n'kuyang'ana nkhope za anthu amene anangobwela kudzaonelela mpila, osadziwa kuti patapita zaka 100 wina adzawayang'anitsitsa ali m'minibasi ku Lusaka.

Manje mufunsa kuti zimenezi zikhudzana bwanji ndi ife. Nkhani yake ili ku Katete, kwathu.

Amalume anga, kumudzi timati atsibweni, anali ndi vidiyo sho pa boma la Katete kuyambila ndisanabadwe. Kanali kanyumba ka malata, mawindo ochinga ndi masaka kuti osalipila asasuzumile, mabenchi a matabwa, TV imodzi pamwamba pa shelufu, deki, ndi jeneleta kuseli. Panja panali bolodi lolembedwa ndi coko: Rambo, Commando, Bruce Lee, Disco Dancer. Pambuyo pake kunabwela a ku Nigeria, Osuofia ndi tianyamata tuwili tuja, Aki ndi Pawpaw. Panali mnyamata wina amene anali kukhala kutsogolo n'kumamasulila m'Cinyanja, ndipo theka la zimene anali kukamba Stallone sanazikambepo. Bizinesi inafooka ma DVD atachipa, kenaka inafelatu mafoni ndi madishi oonetsa mpila wa ku England atafika. Matepi onse anapita m'thilanki ya citsulo pansi pa bedi.

Mwezi watha amalume ananditumila foni. Denga linali kudontha, thilanki yacita dzimbili, afuna kutaya zonse.

"Koma muli cinthu ca atate ako. Bwela utenge, ine sindifuna mlandu na mlongo wanga."

Atate anamwalila ndili ndi zaka zitatu. Ndili ndi zithunzi zao ziwili, ca pa lejisitilesheni ndi ca pa ukwati, ndipo ponse pawili aima njo ngati msilikali. Sindinawaonepo akuyenda. Cimene ndinakula naco ndi nkhani yakuti ali ku sekondale anagoletsa cigoli copambanila pa fainolo ya masukulu, ndipo amai, amene tsikulo anali kugulitsa vitumbuwa pambali pa bwalo, anawaona koyamba pamenepo. Nkhaniyi imakula caka ndi caka. Pa malilo ena ndinamva kuti anacenga anthu asanu.

Ndinakwela basi ya ku Chipata m'mamawa pa Intercity, n'kutsika pa Katete masana. Thilanki titaitsegula inanunkha ngati nkhokwe yonyowa. Munali matepi oposa 100. Ambili anali makope a makope a mafilimu amene lelo mungawapeze paliponse, ndipo ngakhale atapsa onse dziko silingataye kanthu. Pansi penipeni panali imodzi yopanda cikuto, yolembedwa ndi bolopeni pa kapepala: "Final 1995". Amalume anati inajambulidwa ndi mphunzitsi wina wocokela kunja amene anali ndi kamela, ndipo pobwelela kwao anawasiila kope kuti aziionetsa anyamata. Anaionetsa kawili cabe. Anthu anali kufuna Rambo.

Deki ya amalume inafa kale. Tinafunsa pa msika wonse, kwa okonza mawailesi, ku machalichi awili. Ena anatiseka, mnyamata wina wa pa buthi ya mafoni anatembenuza tepiyo uku ndi uku kufuna poloweka chaja. Si mlandu wake. Kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, Funai ya ku Japan, inaleka mu July 2016. Imene ikali kugwila nchito lelo ndi yotsala cabe, ndipo ikafa palibe ina yobwela.

Wina anatilozela ku Sinda, kubwelela m'mbuyo pa mseu wa ku Lusaka, kwa bambo wina wokonza mafoni amene kale anali kukonza madeki. Ndinamupeza pa kashopu kodzaza ndi zigoba za mawailesi. Deki anali nayo, koma malamba ake a labala anasungunuka ngati phula. Anatenga tepi, n'kuiyang'ana pa kawindo kake, n'kundionetsa tinthu toyela ngati ufa pa mpukutu.

"Iyi ni nkhungu, bwana. Mukanaiika m'makina conco, ikanamatilila ku mutu wa deki n'kuduka. Mukanapha tepi na deki pamodzi."

Anamasula tizomangila tusanu, n'kutsegula kaseti, n'kuyamba kupukusa mpukutu ndi dzanja, pang'onopang'ono, akupukuta ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi sipiliti. Zinatenga masana onse. Makasitomala a mafoni anali kubwela, iye n'kumawauza kuti abwele mawa. Mbali ina inali itamatililana kothelatu, anaidula n'kulumikiza. Nditafunsa mtengo anachula ndalama yosakwana ngakhale ya basi. Kenaka anati mlamu wake, mphunzitsi wopuma nchito, ali ndi deki yamoyo. Ali ku Vubwi.

Inu a mu tauni amene muganiza kuti Eastern Province imathela pa Chipata, Vubwi ili kuseli kwa Chadiza, pa kona pamene Zambia ikumana ndi Malawi ndi Mozambique. Inakhala boma payokha mu 2012, caka cimodzi ndi Sinda. Ndinabwelela ku Katete, n'kugona, n'kupitilila ku Chadiza, ndipo mbali yomaliza ndinayenda pa honda, tepi ili m'kati mwa shati. Foni yanga inafika pena n'kunditumila uthenga wondilandila ku Malawi.

Aphunzitsiwo ndi amene anandisintha maganizo pa nkhani ya osonkhanitsa. Ndinali kuganiza kuti ndi masewela a azungu olemela. Koma m'cipinda cao munali shelufu ya matepi oimikidwa ciliili ngati mabuku, iliyonse ndi nambala, ndipo manambalawo analembedwa m'buku la hadikava. Munali mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika wa zaka zingapo, makwaya a chalichi, maukwati a anthu amene ena analekana kale, ndi fainolo ya Africa Cup ya 1994 ku Tunisia imene anajambula pa TV, ija Elijah Litana anayamba kugoletsa, Nigeria n'kudzatigonjetsa 2-1. Deki amaiphimba ndi citenje, amaiyatsa ndi batile ya sola kamodzi pa mwezi kuti malamba asaume. Anandiuza malamulo ao: tepi siikhala pansi, siikhala pa dzuwa, siikhala pafupi ndi sipika cifukwa ca maginito, ndipo siigona cafufumimba. Zonsezi anaziphunzila atataya matepi khumi mvula ya caka cina.

Podikila kuti batile idzale, ndinawaonetsa The Freshman pa foni. Anaseka pa suti ija yosomboka mpaka anavula magalasi. Nditawauza caka cimene inapangidwa, analeka kuseka. Anati atate ao anali asanabadwe, koma taonani mmene ionekela, ngati ya dzulo. Kenaka anafunsa funso limene ine wa dipuloma ya utolankhani ndinalibe yankho lake: zathu za zaka zimenezo zili kuti?

Ndinakafufuza pambuyo pake. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali nchito ya atsamunda yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anapanga mafilimu 35 okhala ndi anthu akuda, n'kumayenda nawo pa lole kuonetsa ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Nyasaland ndi kuno ku Northern Rhodesia. Anali mafilimu ophunzitsa anthu ngati ana, sindiwayamikila ai. Koma munali nkhope za anthu a mbali ino ya Africa a nthawi imeneyo. Otsala ndi atatu, ndipo ali ku Britain.

Za mpila ndiye zimawawa kwambili. Mu 2012, Lionel Messi atagoletsa zigoli 91 m'caka cimodzi n'kupitilila 85 za Gerd Müller, ife tinaimilila n'kunena kuti Godfrey "Ucar" Chitalu anagoletsa 107 mu 1972, ali ku Kabwe Warriors. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga ziwelengelo za mipikisano ya m'maiko, conco sangatsimikize. Anthu ngati Jerry Muchimba anacita kukumba m'manyuzipepala akale kuwelenga cigoli cimodzicimodzi. Ndani wa ife m'minibasi muno anaonapo zigoli zimenezo ndi maso? Cigoli cabodza ca Harold Lloyd ca mu 1925 cili pa foni yanga, coyela bwino.

Ndipo musaganize kuti zinthu zathu zilibe ozifuna. Malekodi a Zamrock a m'ma 1970, a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, amene ambili tinataya kapena ana anaseweletsa ngati mbale, osonkhanitsa a kunja anawasaka mpaka kampani ya ku Los Angeles, Now-Again, inawatulutsanso. Jagari Chanda anabwelela pa siteji ali mkulu kale, n'kuyamba kuimba ku Ulaya ndi ku America. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga mau a Paul Ngozi n'kuwaika m'nyimbo yake. Ife tinayamba kunyadila titamva kuti ena agula.

Batile inadzala ca m'ma 16 koloko. Aphunzitsi anapukuta mutu wa deki, n'kuloweka tepi, n'kundiuza kuti ndikonzeke ndi foni, cifukwa tepi yotele nthawi zina imalola kamodzi kokha. Ndinatsamilitsa foni pa mulu wa mabuku moyang'ana TV. Ndidziwa kuti akatswili ali ndi kacipangizo kolumikiza deki ku kompyuta, ndipo ndi njila yabwino koposa. Ku Vubwi tsiku limenelo tinali ndi mabuku.

Poyamba panali mizele yokhayokha ndi phokoso ngati mvula pa malata. Kenaka bwalo la fumbi linaonekela, mitengo ya mango kumbuyo, magoli a nsungwi opanda neti. Mitundu inali itasuluka, zonse zooneka cikasu. Wojambulayo sanali katswili, kamela inali kuthamangila mpila n'kumaupeza utapita kale. Ndinali kuyang'ana osewela mmodzimmodzi. Atate munalibe.

Pa mphindi yacisanu ndi ciwili mpila unatuluka kunja, kamela n'kuutsatila. Pambali pa mzele panali mnyamata woonda, jezi yaikulu yofika m'maondo, nsapato za tenesi, akudumphadumpha kutenthetsa thupi pafupi ndi ndowa ya madzi. Anatembenuka. Mphumi imeneyo ndimaiona pa galasi m'mawa uliwonse. Anali kudumpha mopitilila muyeso, maondo mpaka pa cifuwa, ndipo kawilikawili anali kuceukila kumanzele. Kamela itasuntha pang'ono ndinaona cimene anali kuceukila: atsikana anai atakhala pa citenje, beseni ili patsogolo, mmodzi ataphimba pakamwa ndi dzanja, akuseka.

Sindinakambe kanthu. Aphunzitsi anatuluka panja, ati akaone nkhuku.

Kamela inabwelela ku mpila. Pa mphindi 11 cithunzi cinayamba kugwedezeka, pamene panali polumikiza pa bambo wa ku Sinda paja, kenaka deki inalila mwacilendo. Aphunzitsi anathamangila mkati n'kuzimitsa. Anatulutsa kaseti mosamala, kacingwe kakuda kali lende. Zotsala zinali zomatililana moti sitikanayesanso popanda kuononga deki yao, ndipo sindikanawapempha zimenezo. Pamene tepi inaima, atate anali akali panja pa bwalo, akudumpha.

Mphindi 11 zimenezo manje zili pa foni, pa fulashi, pa kompyuta ya ku nchito, ndiponso ndinadzitumila pa imelo. Aphunzitsi ndiwo anaumilila. Anati ana a masiku ano mujambula ciliconse koma musunga pa malo amodzi, ndipo foni ikabedwa pa City Market ukwati wonse wapita. Sindinatsutse, cifukwa mavidiyo a tsiku limene ndinamaliza koleji anapita conco. Tepi yeniyeni ndinaisiya pa shelufu yao. Anailemba nambala 214 m'buku la hadikava. Amalume nawo ndinawaletsa kutaya thilanki mpaka tione matepi ena asanu ndi limodzi opanda zikuto, cifukwa sitidziwa kuti muli Rambo kapena muli amai a munthu wina.

Netiweki itabwela bwino pa Chadiza, ndinatumila amai vidiyoyo pa WhatsApp. Panapita ola lathunthu ma tiki ali a buluu, osayankha. Kenaka foni inalila. Za atate sanayambe nazo. Anayamba kuchula maina a atsikana atatu aja mmodzimmodzi, uyu anakwatiwa ku Petauke, awa awili anatisiya. Anadandaula kuti duku imene anavala tsikulo inali yobweleka ndipo ioneka yoipa. Ndinadikila mpaka atatha.

"Amai, nanga cigoli cija? Analowa m'bwalo?"

"Analowa, kutatsala pang'ono kutha."

"Anagoletsa?"

Anakhala cete pang'ono, kenaka ndinamva akuseka, kuseka kuja kophimba pakamwa.

"Mpila unalowa, mwanawe. Koma lefali anati ofusaidi. Usakauze atsibweni ako."